A Madamu Daka ananditsatira mpaka ku Mwami

Kondwani mwana wanga,

Wapita kokameta ndi kokatsanzika anzako, ndipo nyumba yangoti zii. Chikwama chako chili pakhomo pa chipinda, chomangamanga kale ngati basi ikunyamuka lero. Ndati ndikhale pansi dzuwa lisanalowe ndikulembere, chifukwa ndikayamba kulankhula umandidula n'kuti, "Amayi, muno si m'kalasi." Kalata sungaidule pakamwa.

Mawa ukupita ku Kitwe kukaphunzira uphunzitsi wa masamu, ntchito yomwe yakudyetsa ndi kukuveka kufikira lero. Sindinakukakamize. Tsiku lija unandiuza kuti ndi zimene wasankha, ndinangoti "chabwino" ngati wandiuza kuti mchere watha. Dziwa lero kuti nditalowa kuchipinda ndinagwada pansi n'kuthokoza Mulungu. Za anzako oipa, za mowa ndi za kupita ku Misa ndakuuza mpaka makutu ako kuwawa, sindibwereza. Muno ndikufuna ndikuuze za a Madamu Daka. Iwe umawadziwa ngati agogo odwala a ku Kapata amene timawapititsira nthochi Lamulungu. Zina za iwo unazimvapo apa ndi apo, koma sindinakuuzepo zonse pamodzi, ndipo munthu amene akupita kukakhala mphunzitsi wa masamu ayenera kuzidziwa.

Ndinakumana nawo ndili giredi 10, pa sekondale ya kufupi ndi kumudzi kwathu, njira ya ku Tamanda. Masiku amenewo ndinkakhulupirira zimene aliyense ankanena, zoti masamu ndi a anyamata, ndiye ndinkakhala kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mtsikana wina wamtali, kuti mphunzitsi asandione. A Madamu Daka ndiwo mayi oyamba amene ndinawaona akuphunzitsa masamu. Tsiku lina anandiloza kuti ndikasove samu pabolodi. Ndinalemba, yankho linatuluka lolakwika, ndipo anyamata anaphulika ndi kuseka. Ndinatola chofufutira kuti ndichotsepo manyazi angawo msanga, koma iwo anandigwira dzanja.

"Usafufute, Esnati," anatero. Kenako anatembenukira kalasi. "Amene mwapeza yankho lofanana ndi ili, kwezani manja. Osanama, ndidutsa kuona makope."

Manja anakwera limodzilimodzi, ena a anyamata omwe ankaseka aja. A Madamu anatitsogolera mzere ndi mzere mpaka tinapeza pamene ndinapatukira. Ndinali nditayenda bwino njira yonse, n'kungoiwala kachizindikiro kochotsera pafupi ndi kumapeto. "Mwaona? Uyu masamu amawadziwa, koma amathamanga ngati akuthawa galu." Kalasi inasekanso, koma kuseka kwina, ndipo nanenso ndinaseka. Kuyambira tsiku limenelo ndinasamukira kutsogolo. Kondwani, mwana akalakwa samu, usamangolemba mtanda wofiira n'kupitirira. Fufuza pamene wapatukira. Nthawi zambiri amakhala atayenda bwino mtunda wautali, ndipo amafunika wina womuuza zimenezo.

Ndili giredi 11 ndinatenga pakati, ndipo mwanayo ndiwe. Za bambo ako okubereka tinakambirana kale, ndipo usaganize ngakhale tsiku limodzi kuti ndimadandaula kuti unabadwa. Chimene ndinachita mopusa n'kuthawa anthu amene ankandifunira zabwino. Kusukulu sindinatsanzike aliyense. Utabadwa, agogo ako aamuna sankafuna n'kundiyang'ana komwe, ndiye ndinapita kukakhala kwa azakhali anga ku Mwami, n'kumagulitsa chimanga chootcha ndi mtedza kwa oyendetsa malole amene amagona pa boda kudikira mapepala. Ndinkaganiza kuti moyo wanga wathera pamenepo, pambali pa mbaula, iwe uli kumsana.

Tsiku lina masana ndinaona mayi wina akutsika pa kabaza, akukonza chitenje, kenako akufunsafunsa kwa amayi ogulitsa tomato. Ndinawazindikira ndi kayendedwe. Ndinasiya chimanga pamoto n'kukabisala kuseri kwa lole. Ndikanapulumuka, koma iwe unayamba kulira, kulira kwako kuja kosamva kutonthoza.

"Esnati, tuluka," ndinamva mawu kuchokera mbali ina ya loleyo. "Chimanga chako chikupserera."

Ndinatuluka mutu uli pansi. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangoti ndikumasule akunyamule. Anakhala nawe pa thumba la makala, akukugwedeza, mpaka unatonthola. Kenako anati, "Ndafunsa mudzi wonse kuti ndikupeze. Lamulo limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Malo ako alipo."

"Madamu, akandiseka."

"Inde, akakuseka. Akaseka, atopa. Nanga pa boda pano ukhalapo mpaka liti?"

Ndinawauza chimene chinkandisowetsa mtendere: agogo ako aamuna anali atagwirizana kale ndi bambo wina wa mudzi woyandikana ndi wathu, mwini ng'ombe amene mkazi wake anamwalira, kuti adzanditenge akamaliza kukolola. Munthuyo sanali woipa, koma anali wa msinkhu wa atate anga.

Loweruka lotsatira a Madamu anafika kumudzi kwathu, ndipo ine ndinali nditatsogola monga anandiuzira. Anapeza agogo ako onse awiri ali m'munda, akutola thonje. Sanayambe ndi nkhani yanga. Anamanga chitenje, anapempha thumba, n'kulowa mumzere. Anatola mpaka dzuwa kufika paliwombo, zala zitabayidwabayidwa, munthu wozolowera choko. Titakhala pamthunzi m'pamene analankhula.

Agogo ako aamuna anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Amayi, mwabwera ndi ulemu, ndathokoza. Koma mwana uyu wandichititsa manyazi. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo chifukwa cha iye. Sukulu anaisiya yekha, sindinamuchotse ndine."

"Zoona, abambo," a Madamu anayankha. "Sindinabwere kudzanena kuti sanalakwe. Koma ine ndaphunzitsa ana ambiri, ndipo mutu ngati wa mwana uyu sindiupeza chaka chilichonse. Ukwati sutha, udzakhalapo ndi mtsogolo momwe. Sukulu ikamudutsa pano, yapita."

"Nanga khandali apite nalo m'kalasi?"

Apo m'pamene agogo ako aakazi, amene sankayankha amuna awo pamaso pa alendo, analankhula maso ali pa thonje. "Khandalo ndilera ine."

Tsiku limenelo agogo ako aamuna sanavomere. A Madamu anabweranso, n'kubweranso, mpaka tsiku lina mkuluyo anangoti, "Mutengeni. Akakalephera, musadzapondenso pano." Chaka chitayamba ndinabwerera kusukulu, ndinabwereza giredi 11, ndipo anandisekadi. Ndili m'kalasi mkaka unkatuluka n'kunyowetsa yunifomu. A Madamu ataona anandipatsa juzi yawo kuti ndizivala pamwamba, ndipo ndinkaivala ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anzanga anaseka mpaka anatopa, monga iwo ananenera. Agogo ako aja amene sankafuna kundiyang'ana ndi amene anadzandiperekeza pa njinga kukakwera basi yopita ku koleji, chikwama changa atachimanga kumbuyo.

Ndiye mwana wanga, mpando ukakhala wopanda munthu m'kalasi mwako, usamangoti "wajomba" n'kupitiriza. Funsa. Koma iwe ndiwe mwamuna, tsono tamvera bwino: kwa mtsikana usapite wekha. Uuze ahedi, utenge mphunzitsi wamkazi, ukafikire kwa makolo. Ndipo mwana wasukulu ndi mwana wako, akule thupi bwanji, akusekerere bwanji. Ukadzaiwala zina zonse za m'kalata muno, chimenechi usadzaiwale.

Nditamaliza koleji ndinayamba kuphunzitsa kumudzi, ndipo patapita zaka zingapo anandisamutsira ku sukulu ina m'tauni muno. Mkulu wa aphunzitsi a masamu pasukulupo anali a Madamu Daka, amene anasamutsidwira pomwepo ine ndisanabwere. Tsiku loyamba ndinawagwadira monga kale, koma anandidzutsa. "Takulandirani, a Madamu Banda," anatero, ndipo kuyambira pamenepo sananditchulenso kuti iwe. Ndinkafuna kuwaonetsa kuti sanavutike pachabe. Tsiku limene anabwera kudzaonerera phunziro langa ndinakonzekera ngati ndikukalemba mayeso. Ndinadzaza bolodi kuchokera uku mpaka uko, manambala oongoka, osalakwitsa pena paliponse. Ana a mzere wakutsogolo ankayankha ndisanamalize n'kufunsa komwe. Belu litalira ndinatuluka ndikudzimva.

Mu ofesi a Madamu anandithirira tiyi, n'kuti, "Bolodi lamva bwino kwambiri lero. Nanga mnyamata uja amakhala pawindo, wa malaya ong'ambika paphewa, dzina lake ndani?"

Sindinalidziwe.

"Wasiya kulemba mutafika pa chitsanzo chachiwiri. Mzere wonse wakumbuyo wasiyira pomwepo. Inu simunawaone chifukwa munali mutawafulatira."

Ndinaika kapu ya tiyi pansi. Ine amene kale ndinkabisala kumbuyo ndinali nditaiwala kuti kumbuyo kumakhala anthu. A Madamu ndinawakwiyira kwa masiku angapo. Koma sabata yotsatira anandiitana kuti nanenso ndikaonerere phunziro lawo, n'kundiuza kuti ndidzawauze pamene alakwitsa. Ndinkayesa akucheza. Atamaliza anandifunsa ndithu, ndipo nditanena mwamantha kuti funso lina analiyankha okha ana asanaganize, anagwedeza mutu n'kuti, "Matenda anga akale amenewo. Muzindikumbutsa."

Mnyamata wa pawindo uja dzina lake anali Lazaro. Nditakhala naye pansi ndinapeza kuti maso ake sankaona bwino patali, ndipo ankachita manyazi kunena. Ndinamusamutsira kutsogolo. Sanakhale katswiri, koma masamu anakhoza, ndipo lero amalumikiza magetsi m'nyumba za anthu. Akandiona pamsewu amaimitsa njinga yake yamoto, n'kuvula chipewa. Kondwani, ukadzapeza mphunzitsi wamkulu wofuna kukhala kumbuyo kwa kalasi yako, usamuone ngati kazitape. Mutsegulire chitseko. Ndipo phunzira maina a ana onse, kuyambira akumbuyo.

Patapita nthawi ana anga anayamba kukhoza bwino mayeso, ahedi n'kumanditchula pamsonkhano wa makolo, ine mutu n'kukula. Aphunzitsi a masamu a masukulu a m'dera lathu timakumana nthawi ndi nthawi kukonzera limodzi phunziro, wina n'kuliphunzitsa enafe tikuonerera, kenako n'kukambirana. Ndinayamba kujomba misonkhano imeneyi. Ndinkati ndikaphunzirako chiyani? Tsiku lina ahedi atandikakamiza ndinapita, koma nditanyamula makope oti ndizikachonga kumbuyo. Wophunzitsa tsikulo anali mtsikana wongotuluka kumene ku koleji, woti n'kukhala mwana wa a Madamu Daka. Ankaonetsa mmene foni ingathandizire ana kumvetsa magirafu: ukasintha nambala, mzere n'kumapendekeka iwe ukuona. Nditakweza maso ndinaona a Madamu, imvi zili mbuu, atatsala pang'ono kupuma pantchito, atakhala pa mpando wakutsogolo, dzanja lili m'mwamba.

"Aphunzitsi, tabwerezani pamenepo, ine sindinamve. Nanga sukulu imene ilibe foni ingachite bwanji?"

Anafunsa mpaka anamvetsa, ndipo funso lawolo linabala njira ina yoti ana azichita zomwezo panja ndi zingwe ndi timitengo. Ndinatseka makope anga aja. Pobwerera ndinawafunsa chimene ankadzivutitsira, poti anali atatsala pang'ono kuchoka. Anandiyang'ana modabwa. "Nanga ana a chaka chino alakwa chiyani?"

Chaka chotsatira ndinalembetsa maphunziro a digiri, aja ndinkapita patchuthi n'kukusiya kwa agogo. Ukukumbukira kuti phunziro limodzi ndinalephera. Ine mphunzitsi wa masamu, kulephera masamu! Ndinafuna kusiya. A Madamu atamva anangoseka n'kuti tsopano ndadziwa mmene ana anga amamvera ndikamawabwezera mapepala. Kenako anandiitana, ndipo Loweruka lililonse tinkakhala pakhonde pawo, tonse tikulimbana ndi masamu amene iwonso anali atawaiwala. Ndinabwereza n'kukhoza. Pepala limene ukalandire ku Kitwe ndi chiyambi chabe, mwana wanga. Silabasi imasintha, ana amasintha; dzana tinkati magiredi, lero akuti mafomu. Usadzajombe kumene anzako akuphunzira, ndipo usadzachite manyazi kukweza dzanja, ngakhale wophunzitsayo atakhala mwana kwa iwe.

Sindikufuna ukaganize kuti ntchito imeneyi ndi chisangalalo chokhachokha. Sukulu itakhala yaulere ana anadzaza m'makalasi mpaka ena kukhala pansi, pafupi ndi mapazi anga. N'zabwino kuti anabwera, koma ndinkafika kunyumba mawu atasasa, makope oti ndichonge ali mulu. Chaka chimenecho ndinali ndi mtsikana wina wa ku Nabvutika, ndingomutchula kuti Tisa. Anali wanzeru kuposa mmene ine ndinaliri pa msinkhu wake. Atasowa m'kalasi ndinati nthawi yanga yobweza zabwino yakwana. Ndinafunsa anzake, ndinayenda m'tinjira ta m'komboni mpaka ndinapeza nyumba yawo. Mayi ake anali chigonere, azing'ono ake ankadalira iye, ndipo iyeyo anali atayamba kutumidwa ndi amayi ochita malonda odutsa pa boda. Ndinalankhula zonse zimene ndinkadziwa. Ndinapitako kangapo, ndinauza ahedi, ndinauza a kutchalitchi. Ulendo womaliza Tisa anandiperekeza mpaka pamsewu, n'kuti, "Madamu, musamavutikenso. Ine ndathokoza, koma sindibwera." Sanabweredi. Banjalo linasamuka, ndipo kumene ali lero sindikudziwa.

Ndinapita ku Kapata ndikulira. Nthawi imeneyo a Madamu anali atapuma pantchito, koma asanadwale. Ndinawauza kuti ndatopa, ndikufuna kusiya uphunzitsi, chifukwa chimene iwo anandichitira ine ndalephera kuchitira mwana mmodzi yekha. Anandileka kuti ndilire, kenako anafunsa, "Kodi mumayesa kuti ndinatsatira inu nokha?"

Kunena zoona, ndi mmene ndinkaganizira.

"Ndinatsatira ambiri, a Madamu Banda. Kwina makolo anandithamangitsa. Ena anabwera n'kuchokanso. Wina ndinakapeza atamwalira pobereka. Obwera n'kumaliza anali ochepa. Pamene ndinkatola thonje kwanu kuja, sindinkadziwa kuti mubwera."

"Nanga n'chiyani chinkakulimbitsani mtima?"

"Lolemba m'mawa kalasi inkakhala ikundidikira. Amene asowa amawawa, koma amene abwera nawonso ndi ana a anthu. Pukutani m'maso, mawa muli ndi a giredi 12."

Mawa lake ndinapita kukalasi. Tisa ndimamupempherera mpaka lero. Ndakuuza zimenezi kuti tsiku limene udzalephere kubweza mwana, usadzati ntchito yonse ilibe phindu. Udzalire, palibe choletsa, koma m'mawa mwake ukapezeke pabolodi, chifukwa enawo akukudikira.

Lamulungu lapitali titapita kukawauza kuti ukunyamuka, unaona wekha mmene sitiroko yawasiyira: dzanja lamanja silikugwira, mawu amatuluka movutikira. Anakugwira dzanja nthawi yaitali n'kulankhula, ndipo iwe unandiyang'ana chifukwa sunamve. Ine ndinati akukudalitsa. Ndinakuuza theka chabe. Iwo anati, "Patchuthi abwere adzandiphunzitse zimene akuphunzira kumeneko. Ndatsalira."

Sankanena zocheza, ndimawadziwa. Mwana wawo wandiuza kuti ayamba kale kuyeserera kugwira pensulo ndi dzanja lamanzere. Ndiye ukamvetsere bwino m'kalasi, mwana wanga, ndipo pamene sunamve ukafunse, chifukwa usanalandire n'komwe pepala uli kale ndi wophunzira amene akukudikira ku Kapata, ndipo mafunso ake si amasewera.

Ndamva geti likulira, uyenera kuti ndiwe. Ukayende bwino, Mulungu akakusunge, ndipo ukafika undiimbire.

Ndine mayi ako,
Esnati